Makalata a omvera: Kwa mayi otopa a ku Ndirande

Mwati bambo ali ku Joni, ana atatu mukulera nokha, usiku simukuona tulo, ndipo nthawi zina misozi imangotsika yokha. Pepani ndithu. Umenewo si ulesi ayi, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Musamangodzitsekera m'nyumba. Kubanki m'khonde kapena kumvano, zokambirana zikatha, patulani amayi awiri amene mumawakhulupirira, muwauze zakukhosi. Koma musankhe osunga chinsinsi, paja ena amaulutsa nkhani kuposa ife a pawailesi! Muzilandirana ana: Loweruka lino akasewere kwa anzanu, linalo kwa inu, kuti nanunso mupumeko.

Zokayenda, musadikire ndalama zopitira kunyanja ku Mangochi. Mbatata yootcha, botolo la thobwa, mpira wachikulunga, ana azithamanga pabwalo la sukulu inu mutayala chitenje pamthunzi ndi anzanuwo. Zakwana.

Kusowa tulo ndi misozi ija zikapitirira milungu iwiri, kapena maganizo odzipweteka akakufikirani, thamangirani kuchipatala. Ku Queen Elizabeth konkuno ku Blantyre alipo madokotala a matenda a maganizo. Mutilemberenso amayi, timve mmene zikuyendera.