Timu Ikamagonja, Musinthe Chiyani? Phunziro la mu Football Manager

Pa 25 Meyi 2005, ku Istanbul, Liverpool inapita kopuma itachinyidwa 3-0 ndi AC Milan mu ndime yotsiriza ya Champions League. Mphunzitsi wake, Rafael Benítez, anali ndi mphindi 15 zokha zoti aganize. Anaona kuti Kaká akuyenda momasuka pakati pa bwalo popanda womuletsa. Choncho analowetsa Dietmar Hamann m'malo mwa Steve Finnan yemwe anali atavulala, kumbuyo n'kutsala anthu atatu. Hamann atatseka mpata wa Kaká, Steven Gerrard anapeza danga lopita kutsogolo. M'mphindi 6 Liverpool inabweza zigoli zonse zitatu, ndipo inatenga chikho pa mapenate.

Aliyense wosewera Football Manager amafika pa mphindi ngati imeneyi, timu ikuthibulidwa, dzanja likuyabwa kuti asinthe zonse nthawi imodzi. Phunziro lathu ndi lakuti kusintha kwabwino kumayamba ndi kupeza gwero la vuto, kenako kukonza chinthu chimodzi mogwirizana ndi osewera amene muli nawo.

Gemu yake ndi yotani?

Football Manager imapangidwa ndi kampani ya Sports Interactive ya ku London, ndipo imagulitsidwa ndi Sega. Inayamba mu 1992 ndi dzina loti Championship Manager, oyambitsa ake ali anyamata awiri apachibale, Paul ndi Oliver Collyer. Dzina la lero linabwera mu 2004. Mu gemu imeneyi simumenya mpira ayi. Inu ndinu mphunzitsi: mumasankha osewera 11, mumawapatsa malo ndi ntchito, kenako mumakhala pambali n'kumaonerera zotsatira za maganizo anu. Zimene tifotokoze pano zachokera mu Football Manager 2024.

Malangizo a timu anagawidwa patatu: zochita mpira ukakhala kwa inu, zochita pa kamphindi kamene mwangoulanda kapena mwangolandidwa, ndi zochita mpira ukakhala kwa adani. Pamwamba pa zonsezi pali Mentality, yomwe ili ndi masitepe 7, kuyambira Very Defensive mpaka Very Attacking. Imeneyi imauza osewera kuti adziike pa chiswe mpaka pati.

Yambani ndi osewera amene muli nawo

Wosewera aliyense ali ndi manambala osonyeza luso lake, kuyambira 1 mpaka 20. Ambiri sawerenga manambalawa. Amangosankha Gegenpress chifukwa anamva kuti ndiyo imapambanitsa. Koma Gegenpress imafuna kuti timu izithamangira mpira nthawi yomweyo ikalandidwa, ndipo izi zimatheka ndi osewera amene ali ndi Stamina ndi Work Rate zapamwamba. Mukaipereka kwa osewera opanda mpweya, chigawo choyamba chikoma, koma pofika mphindi ya 60 miyendo yawo ikhala italemera, mipata n'kutseguka paliponse.

Leicester City ya Claudio Ranieri ikutiphunzitsa bwino pamenepa. Mu 2015/16 inatenga ligi ya England ndi mapointi 81, itagonja katatu kokha. Sinalimbane ndi matimu akuluakulu pa kusunga mpira. Inkasewera 4-4-2, N'Golo Kanté akulanda mipira pakati, Riyad Mahrez ndi anzake akuiponya msanga kwa Jamie Vardy amene liwiro lake linali chida chawo chachikulu. Ranieri anaumba kaseweredwe kuchokera pa zimene anyamata ake ankatha.

Nkhani ya pa 1 Samueli 17 timaidziwa kuyambira tili ana ku Sekondale ndi ku Sukulu ya Sabata. Sauli anaveka Davide zovala zake zankhondo, koma Davide anazivula chifukwa sanazizolowere, n'kutenga legeni ndi miyala isanu ya mumtsinje. Zovalazo zinalibe vuto, koma sizinali za iyeyo. Kaseweredwe kokopera pa intaneti nakonso kamakhala choncho: kanakonzedwera timu ina.

Lamulo lililonse lili ndi mtengo wake

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mu gemuyi mulibe batani lopereka zabwino zokhazokha.

Mukakankhira otchinga kumbuyo kufupi ndi pakati pa bwalo, mumapanikiza adani kwawo, koma kumbuyo kwanu kumatsala bwalo lalikulu loti wothamanga adutsemo. Mukawabweza pafupi ndi golo, mpata umenewo umatsekeka, koma adani amapeza malo owombera ali patali ndi oponyera mipira ya m'mwamba. Mukatambasula timu mpaka m'mbali, mumang'amba otchinga a adani, koma pakati panu pamachepa anthu. Mukakweza liwiro lopatsirana mpira, mumafika msanga kutsogolo, koma mipira yotayika imachuluka.

N'chifukwa chake kudumphira pa Very Attacking mukangochinyidwa si mankhwala. Osewera amayamba kuponya mipira yongoyerekeza ndi kusiya malo awo, ndipo kawirikawiri chigoli chotsatira chimalowa kwa inu nomwe.

Pezani gwero la vuto

Chigoli chimene mwachinyidwa chili ngati kutentha kwa thupi: chikukuuzani kuti pali matenda, koma sichikutchula dzina lake. Kuti muwadziwe, siyani kuonera tizigawo ta zigoli tokha. Sankhani Comprehensive, ndipo nthawi zina muzionera bwalo kuchokera pamwamba, pomwe osewera amaoneka ngati timadontho. Apo m'pamene mipata imaonekera. Nazi zizindikiro zinayi zofala:

1. Mipira yaitali ikudutsa pamwamba pa otchinga anu mobwerezabwereza. Yerekezerani Pace yawo ndi ya omwetsa zigoli a adani. Ngati anu ali ochedwa, bwezani mzere wawo kumbuyo pang'ono.
2. Wosewera mmodzi wa adani akulandira mpira momasuka pakati pa otchinga anu ndi osewera pakati. Ikani munthu wotchinga pamalo amenewo, monga anachitira Benítez.
3. Mpira ukukhalitsa kwa inu koma simukuchinya. Onani xG, nambala yoyeza kuti mipata yanu inali yoopsa motani. Ngati mwawombera kambiri koma xG ili pansi, ndiye kuti mukuwombera muli kutali. Yatsani Work Ball Into Box, kapena tambasulani timu.
4. Womwetsa zigoli wanu sakukhudza mpira. Musafulumire kumutulutsa. Mwina vuto lili kumbuyo kwake, komwe onse munawapatsa ntchito ya Defend, popanda womuperekeza.

Dziwaninso kuti nthawi zina palibe choti musinthe. Ngati xG yanu ili pamwamba kwambiri kuposa ya adani koma goloboyi wawo wagwira zonse, kaseweredwe kanu kali bwino. Mpira umatero.

Sinthani chimodzi, kenako dikirani

Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi timu n'kupambana, simudziwa chimene chathandiza. Ikagonja, simudziwanso chimene chaononga. Sinthani chimodzi, onerani mphindi 10 kapena 15, muone ngati chizindikiro chija chatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gemuyi imawerengeranso kuzolowera. Osewera amafuna masabata a zokonzekera kuti adziwe kaseweredwe katsopano, ndipo mumapatsidwa malo atatu osungiramo njira zanu. Ndi nzeru kusunga njira imodzi yaikulu, ina yotetezera chigoli mukatsogola, ina yofunira chigoli mukatsalira, zonse zofanana maziko. Musaiwalenso benchi. M'maligi ambiri lero mumaloledwa kusintha osewera 5, lamulo limene linayamba mongoyembekezera mu 2020 n'kukhazikika mu 2022. Wothamanga watsopano pa mphindi ya 65, wolimbana ndi wotchinga wotopa amene ali kale ndi khadi yachikasu, angachite zoposa malangizo khumi.

Kunja kwa kompyuta

M'Chichewa, woyang'anira timu ndi woima kutsogolo kwa kalasi onse timawatchula kuti mphunzitsi, ndipo ntchito yawo imafananadi. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzakumana ndi kalasi yolephera mayeso. Kukalipa ndi kuwonjezera ntchito ya kunyumba kuli ngati kudumphira pa Very Attacking. Mphunzitsi wanzeru amatenga mapepala aja n'kufufuza funso limene ana ambiri anagwerapo, amapeza ngati vuto ndi chiyankhulo, chitsanzo kapena liwiro la kaphunzitsidwe, amasintha chimodzi n'kuyesanso. Njira imene inayenda bwino m'kalasi ya ana 30 siingangotengedwa mmene ilili kupita m'kalasi ya ana 100.

Muyezo womwewu tiugwiritsenso ntchito pa gemuyi. Imadya nthawi mwakachetechete, chifukwa masewero aliwonse akatha, ena amakhala akudikira. Ngati magiredi atsika, ngati mukusinza pa mapemphero a m'mawa, ngati maganizo akuthawira ku ligi pa Sabata, chimenecho n'chizindikiro, ndipo gwero lake silovuta kulipeza. Nthawi ndi ya Mulungu, ife ndife adindo chabe. Ikani malire a maola musanayatse kompyuta, ndipo Lachisanu muitseke dzuwa lisanalowe.

Mafunso okambirana

1. Pa masewero omaliza amene timu yanu inagonja, chizindikiro chinali chiyani, nanga gwero lake linali chiyani?
2. Ndi njira iti ya kawerengedwe kapena kaphunzitsidwe imene munatengera kwa mnzanu koma siikugwirizana ndi inu?
3. Mutati musinthe chinthu chimodzi chokha pa kagwiritsidwe ntchito ka nthawi yanu sabata ino, chingakhale chiyani, ndipo mudzadziwa bwanji kuti chathandiza?