Khanda Lafika, Koma Mkulu Wake Akali Mwana

1, 2. (a) Kodi mabanja ambiri a ku Ilala amakhala m'nyumba zotani? (b) Kodi kamwana kamaona kusintha kotani pamene khanda libadwa?

KU ILALA, chigawo chapakati cha mzinda wa Dar es Salaam ku Tanzania, anthu amalaŵira. Dzuŵa lisanatuluke, mabasi aang'ono otchedwa daladala amakhala atayamba kale kututa anthu kumka nawo kumsika waukulu wa Kariakoo. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 1,600,000 m'chigawochi, ndipo pakati pawo pali Amalaŵi amene anadutsa malire a pa Songwe kudzafuna ntchito za m'nyumba, zaulonda, kapena malonda. M'madera onga Buguruni ndi Vingunguti, ambiri amakhala m'nyumba zomangidwa mwa Chiswahili: zipinda zoyang'anizana, kanjira pakati pake, ndi bwalo lakuseri kumene akazi amaphikira ndi kuchapira. Kaŵirikaŵiri chipinda chilichonse chimakhala ndi banja lakelake lolipira lendi.

2 Tayerekezerani kuti m'chimodzi cha zipinda zimenezo muli atate, amayi, ndi kamnyamata ka zaka ziŵiri ndi theka. Kufikira mlungu watha, msana wa amake unali wake, ndipo malo apakati pabedi analinso ake. Ndiyeno amake anachoka usiku kumka kuchipatala cha Amana, nabwerako atafukata kanthu kena m'nsalu ya khanga. Anansi anadzaza m'chipindamo, aliyense akumasuzumira m'nsaluyo. Amene anakumbukira kamnyamatako anangokauza kuti: “Iwe wakula tsopano. Usamalirenso ngati mwana.”

3. Kodi nchifukwa ninji kuuza kamwana kuti kakula kungakhale kosokeretsa?

3 Mawu amenewo amanenedwa mokoma mtima, komabe sali oona. Mwana sakula m'masiku aŵiri chabe chifukwa chakuti wina wamng'ono kwa iye wabadwa. Mimba yake ikali yaing'ono, miyendo yake imatopa msanga, ndipo sangathe kufotokoza ndi pakamwa zimene zikumvuta mumtima. Chimene chasintha ndicho maso a makolo ake: poyerekezera ndi khanda lolemera makilogalamu atatu, iye amaoneka ngati chimphona. Makolo amene akhulupirira maso awo pamfundoyi angayambe kufuna kwa iye zinthu zimene sangathe, ndi kummana zimene akufunikirabe.

Dzina la Nthenda Limene Limasimba Nkhani

4, 5. (a) Kodi dzina lakuti kwashiorkor linachokera kuti? (b) Kodi nchiyani kwenikweni chimene chimadwalitsa nthumbidwa?

4 Vuto limeneli nlakale. Mu 1933, Cicely Williams, dokotala wobadwira ku Jamaica amene anali kugwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lerolino limatchedwa Ghana, analemba za nthenda ina imene inali kupha ana aang'ono. Anawo anali kutupa miyendo, khungu lawo linali kusupuka, ndipo tsitsi lawo linali kufiira. Iye anaona kuti ambiri a iwo anali kudyetsedwa phala la chimanga lokhalokha. Mu 1935 anatcha nthendayo ndi dzina limene anthu olankhula Chiga a kumeneko anali kuitcha kale, kwashiorkor, limene limanena za nthenda yogwira mwana wochotsedwa pamalo ake pamene mnzake wabadwa. Olankhula Chicheŵa sangadabwe nazo. Iwonso ali ndi liwu lakuti nthumbidwa, lonena za mwana amene amake atenga pathupi iye akali kuyamwa.

5 Ambiri amakhulupirira kuti mkaka wa mkazi wapakati umaipa, motero amaletsa mwanayo kuyamwa tsiku lomwelo limene adziŵa za pathupipo. Komabe, odziŵa zaumoyo amanena kuti ngati mayi ali bwino ndipo akudya mokwanira, mkakawo suvulaza mwana. Chimene chimamvulaza ndicho kumchotsa kubere mwadzidzidzi popanda chakudya chabwino choloŵa m'malo mwake. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti khanda lizingoyamwa basi kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, ndi kuti lipitirize kuyamwa limodzi ndi zakudya zina kufikira zaka ziŵiri kapena kuposapo. Akatswiri amene bungwelo linasonkhanitsa mu 2005 analangizanso kuti mayi ayembekeze miyezi yosachepera 24 atabala asanatengenso pathupi. Koma si nthaŵi zonse pamene zinthu zimayenda monga momwe okwatirana analinganizira, ndipo kuŵaimba mlandu pamene khanda lafika kale sikudyetsa mwana aliyense.

6. Kodi makolo angatsimikizire motani kuti mwana wamkuluyo akudya mokwanira?

6 M'masiku oyambirira, nkoyenera kuti mayi asamaliridwe. Ku Tanzania amamphikira phala, msuzi wa nyama, ndipo mabanja ena amapanga mtori, msuzi wa nthochi zaziŵisi ndi nyama umene Achaga a kumpoto amatchuka nawo. Ndiyeno bwanji za kamnyamata kaja? Nkosavuta kukapatsa tiyi ndi mandazi mmaŵa, kenako nkukaiŵala kufikira madzulo chifukwa chakuti sikanalire. Mwana wausinkhu umenewu afunikira kudya katatu kapena kanayi patsiku, ndi tina tochepa pakati pake. Nsinjiro m'phala, nyemba, dzira, masamba, ndi tinsomba touma tonga usipa timene kumeneko amati dagaa, zonsezi nzosakwera mtengo kwambiri. Kuli bwino kumuikira m'mbale yakeyake kuti munthu wamkulu aone kuchuluka kwa zimene wadya. M'mbale yodyera pamodzi, dzanja laling'ono ndilo limatsalira.

Nchifukwa Ninji Wayamba Kuvuta?

7, 8. (a) Kodi ofufuza a ku Cambridge anapezanji? (b) Kodi mayi angachitenji panthaŵi yoyamwitsa?

7 Njala ya m'mimba imaoneka pasikelo, koma pali inanso imene sikelo singapime. Akatswiri aŵiri a kakulidwe ka ana, Judy Dunn ndi Carol Kendrick, anachezera mabanja 40 a ku Cambridge, England, kuyambira mwana wachiŵiri asanabadwe kufikira atakwanitsa miyezi 14, nafalitsa zimene anapeza mu 1982. Iwo anaona kuti khanda litafika, nthaŵi imene amayi anali kuseŵera ndi kukambitsirana ndi mwana woyamba inachepa, pamene kuletsana ndi kukangana kunawonjezeka. Ana ambiri anayamba kupulupudza ndi kufuna zambiri. Ena anabwerera m'mbuyo: anali kudzuka usiku, kulira pachabe, kukangamira amawo, kapena kudziipitsira ngakhale kuti anali ataphunzira kale kunena. Ndipo kaŵirikaŵiri kupulupudzako kunali kuchitika panthaŵi yeniyeniyo imene mayi anali wotanganitsidwa ndi khandalo.

8 Amayi a ku Ilala amadziŵa bwino nthaŵi imeneyo. Khanda litangogwira bere, mkulu wake amakhuthula mchere pansi kapena kukwera pampando wokhala pafupi ndi zenera. Kodi ndi mwano? Iye wangotulukira kuti kukalipiridwa kumachititsa amake kumuyang'ana, ndipo kwa mwana wa zaka ziŵiri kuyang'anidwa mokalipa kuli bwinopo kusiyana ndi kusayang'anidwa konse. Mayi wanzeru amamuyambirira. Asanayambe kuyamwitsa, amamuitana kuti adzakhale pambali pake, namsimbira nthano ya kalulu kapena kumfunsa maina a zinthu za m'chipindamo. Dzanja limodzi limagwira khanda, linalo nlake.

9. Kodi kalankhulidwe ka makolo ponena za khanda kamayambukira motani mkulu wake?

9 Ofufuza aja anapezanso kanthu kena kothandiza. M'mabanja mmene amayi anali kulankhula za khandalo monga munthu wokhala ndi zofuna zake, akumafunsa maganizo a mkulu wake, ana aŵiriwo anadzakhala oyanjana kwambiri pambuyo pake. Mayi anganene kuti: “Tamvera mlongo wako akulira. Kodi uganiza kuti ali ndi njala, kapena wanyoŵa? Tanditengera theŵera lija.” Yerekezerani zimenezo ndi nthabwala imene achikulire amakonda kuseka nayo ana: “Amako agula mwana wina, iwe akutaya.” Achikulirewo amaseka, koma mwanayo sadziŵa kuti nkuseka. Makolo angapemphe anansi mwaulemu kuti aleke nthabwala yoteroyo. Ndipo ngati mwanayo atsina khandalo, agwireni dzanja pomwepo ndi kumuuza mwamphamvu kuti: “Ayi, zimenezo zimapweteka.” Kummenya khandalo lili pomwepo kumangomphunzitsa kuti ilo ndilo limamdzetsera mavuto.

10. Kodi nchifukwa ninji makolo sayenera kutaya mtima?

10 Makolo sayenera kuwopa kuti nsanje yawononga mwana wawo. Kufufuza kwina kwa mabanja 241 ku Michigan, United States, kumene Brenda Volling ndi anzake anafalitsa mu 2017, kunasonyeza kuti ana oyamba ambiri amavutika pang'ono chabe, ndi kuti mwa ochuluka kuvutako kumazirala m'miyezi yoŵerengeka.

Kodi Angakhale Mlezi?

11, 12. (a) Kodi ndani anayang'anira Mose wakhandayo, ndipo ndani sanatero? (b) Tchulani ngozi zina za m'nyumba zokhala mabanja ambiri.

11 Kupempha mwana kutenga theŵera nkosiyana kwambiri ndi kumsiyira khanda. Nkhani yakale ya banja la Amramu ndi Yokebedi ku Igupto ili ndi mfundo imene ambiri saiona. Aroni anali wamkulu kwa Mose ndi zaka zitatu. (Eksodo 7:7) Chotero pamene Mose wa miyezi itatu anaikidwa m'kabokosi pakati pa mabango a mumtsinje wa Nile, m'nyumbamo munali kamnyamata kausinkhu wonga wa kamene tikukambako. Komabe, amene anaima chapatali kuyang'anira khandalo anali mlongo wake, mtsikana wamkulu mokwanira kulankhula mwanzeru ndi mwana wamkazi wa Farao. (Eksodo 2:1-8) Aroni satchulidwa nkomwe pamtsinjepo.

12 Kamwana kangakonde khanda ndi mtima wonse, nkuliikabe pangozi. Kangalipatse mtedza m'kamwa poganiza kuti lili ndi njala, kulifunditsa nsalu kumaso, kapena kuyesa kulibereka monga momwe amachitira amake. Chotero aŵiriwo sayenera kusiyidwa okha, ngakhale kwa mphindi zochepa zokatunga madzi pampopi. Nalonso bwalo lakuseri lili ndi ngozi zake kwa mwana amene maso a amake achokapo: mbaula za mabanja angapo zoyaka panthaŵi imodzi, mphika wa phala lotentha woikidwa pansi, parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa, ndi ndowa zamadzi zosavundikira. Mwana wamng'ono amalemera kumutu, ndipo atagwera chamutu m'ndowa sangathe kudzitulutsa. M'nyengo ya mvula yaikulu ya March mpaka May, pamene mtsinje wa Msimbazi umasefukira ndipo madzi amaima m'tinjira, ngoziyo imakhalanso kunja kwa chitseko. Udzudzu nawo umachuluka, ndipo ngati mwanayo wasamutsidwa pabedi la makolo, neti iyenera kumtsatira kumene wapita.

Kumene Agogo Kulibe

13, 14. (a) Kodi ndani anali kusamalira mwana wamkulu kumudzi? (b) Kodi atate a mumzinda angaloŵe motani m'malo amenewo?

13 Kumudzi, mwambo unali ndi yankho lake. Pamene mayi anali m'chikuta kuyembekezera kuti mchombo wa khanda ugwe, mwana wopondana nalo anali kugona kwa agogo ake, amene anali kuŵadziŵa kale chibadwire. Mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania amasunga masiku 40 otchedwa arobaini, ndipo akazi ena amakatha masikuwo kwa amawo. Koma kwa banja lachimalaŵi la ku Buguruni, agogo ali kutsidya kwa Songwe, ulendo wa pabasi wa tsiku lathunthu ndi kuposapo. Ena amatumiza mwanayo kumeneko. Nthaŵi zina palibedi mochitira mwina, ndipo palibe ayenera kuŵaweruza. Komabe, okwatirana angachite bwino kulingalira mmene mwanayo adzaonera zimenezo ngati achotsedwa m'milungu yomweyo imene mlendoyo wafika, kumka kwa anthu amene sanaŵaonepo.

14 Munthu wapafupi amene angaloŵe m'malo a agogo ndiye atate. Lamulo la ntchito la ku Tanzania la mu 2004 limapatsa mayi wolembedwa ntchito masiku 84 a tchuthi cholipiridwa, ndipo atate masiku atatu. Ku Malaŵi, lamulo linasinthidwa mu 2021 kupatsa atate milungu iŵiri. Koma mlonda wosalembedwa m'buku kapena wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu ku Kariakoo alibe tchuthi chilichonse. Zimene ali nazo ndi madzulo. Iye angasambitse mwanayo, kudya naye, kumtenga pokagula makala, ndi kumgoneka. Ngati ayamba zimenezi miyezi ingapo khanda lisanabadwe, mwanayo sadzaona monga kuti amake amkana. Amuna ena amawopa kusekedwa ndi anzawo pabwalo. Yakobo, mwini ziŵeto zambiri ndi antchito, sanachite manyazi kuuza Esau ndi amuna ake 400 kuti atsogole, popeza kuti iye anafuna kuyenda pang'onopang'ono molingana ndi mayendedwe a ana ndi a zoŵeta zoyamwitsa. (Genesis 33:1, 13, 14) Ulendo wokagula makala ndi mwana wa zaka ziŵiri umatenga nthaŵi yoŵirikiza katatu, pakuti iye amaima kuyang'ana mbuzi iliyonse.

15. Kodi mwamuna ndi mabwenzi a banjalo ayenera kukhala maso ndi chiyani?

15 Mwamuna ayeneranso kuyang'anitsitsa mkazi wake. Kutopa ndi kulira kwa masiku ochepa mkazi atabala nkofala. Koma ngati chisoni chipitirira milungu iŵiri, ndipo iye sakugona, sakudya, kapena sakukondwera ndi ana ake, imeneyo ingakhale nthenda yofunikira thandizo la kuchipatala, osati ulesi. Mabwenzi a mumpingo ndi anansi amene abwera kudzaona khanda angathandize kwambiri mwa kuchapa mateŵera kapena kutunga madzi kusiyana ndi kukhala pansi kuyembekezera tiyi. Ndipo poloŵa pakhomo, angayambe apatsa moni mwana wamkuluyo ndi kumpempha kuti: “Tatisonyeza mlongo wako.”

16. Kodi nchifukwa ninji banja liyenera kunyamula makadi aŵiri pomka kusikelo?

16 Khanda litakwanitsa milungu isanu ndi umodzi, limafunikira kupita kusikelo kukalandira katemera, ndipo lidzapitanso pamilungu 10 ndi 14. Ngati litentha thupi kapena kuleka kuyamwa tsikulo lisanafike, liyenera kupita kuchipatala nthaŵi yomweyo, ngakhale usiku. Koma khadi la mkulu wake, limene mwinamwake lili pansi pa sutukesi chiyambire pamene amake anatenga pathupi, likugwirabe ntchito kufikira iye atakwanitsa zaka zisanu. Nayenso ayenera kuikidwa pasikelo, ndipo namwino adzaona ngati mzera wa kulemera kwake ukukwerabe kapena waima, ndiponso ngati analandira katemera wachiŵiri wa chikuku, amene ku Tanzania amaperekedwa pamiyezi 18. Kukwera daladala yodzaza ndi ana aŵiri nkovuta kwa munthu mmodzi, chotero okwatirana ayenera kupangana pasadakhale za amene adzanyamula wamkuluyo tsikulo.