Phunziro la Mbiri: Linga la Jumbe

Ana inu, tsekani makope mumvetsere. Lero tikamba za malo omwe mumapondapo tsiku lililonse popita kumsika: pa Linga.

Cha m'ma 1840, kuno ku Nkhotakota kunafika Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah, yemwe anadzatchuka ndi dzina loti Jumbe. Dziko linali la Achewa a Mfumu Malengachanzi, koma mlendoyo anadza ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Anakonda Nkhotakota chifukwa cha dooko lake labwino. Pamenepa zombo zake zinkanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo n'kuwolokera kutsidya kwa nyanja, komwe ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira.

Chuma chotere chimagonetsa munthu khutu lili kunja. N'chifukwa chake mudzi wa Jumbe unatchingidwa ndi linga. Nkhondo za Angoni zitavuta, Achewa ambiri anathawira kwa iye, napulumuka, koma anayamba kumugwadira ndi kupereka mitulo. Gwirani mfundo iyi: malo amodzi omwewo ena anali pothawira pawo, ena anali ndende yawo podikira chombo.

Ku England nakonso amalonda ankadzitchinjiriza. Laurence wa ku Ludlow, yemwe analemera ndi ubweya wa nkhosa, anamanga nyumba yamiyala ya Stokesay pafupi ndi malire a Wales, ndipo mu 1291 Mfumu Edward I inamulola kuilimbitsa ngati linga. Nyumbayo ilipobe chifukwa mwala suwola. Linga lathu linali la mitengo, choncho mboni zake n'zina: mkuyu womwe umatikumbutsa za David Livingstone, amene anafika kuno mu 1863, Chisilamu chomwe chinazika mizu m'midzi yathu, ndi mpunga umene timanyadira.

Linga silinagwe ndi nkhondo. Mu 1889 Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, anachita pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya Angerezi. Jumbeyo atamwalira mu 1894, Angerezi anachotsa pampando wolowa m'malo mwake n'kumutumiza ku Zanzibar. Ulamuliro wa a Jumbe unathera pomwepo.

M'kalasi muno muli zidzukulu za omanga linga, za othawiramo, mwinanso za abale a iwo amene anawoloka osabwerera. Mbiriyi ndi yathu tonse, ndipo tiyenera kuinena yonse, osabisako mbali.

Ntchito yakunyumba: mukafunse agogo anu mwaulemu kuti makolo awo anachokera kuti, nanga anafika bwanji kuno. Lolemba aliyense adzatifotokozera.