Loko wa mufoni ankawerengedwa ngati chida cha nkhondo

Aliyense wodutsitsa katundu pa Mchinji kapena pa Mwanza amadziwa kuti katundu wina satuluka m'dziko popanda chiphaso. Wotumiza chimanga kunja amayamba wapeza chilolezo ku unduna wa zamalonda. Ku America lamulo lotere linagwirapo katundu wosaoneka ndi maso: encryption, njira yosokoneza uthenga ndi masamu kuti wopanda kiyi asauwerenge.

Mpaka 1996, boma la America linkaika encryption yamphamvu m'gulu la zida zankhondo. Makampani ankaloledwa mosavuta kutumiza kunja mapulogalamu a kiyi wamfupi wa ma bit 40 okha. Motero kasitomala wakunja ankalandira loko wofooka. Mu 1995 wophunzira wina wa ku France anathyola loko wotere wa Netscape m'masiku 8.

Phil Zimmermann atatulutsa pulogalamu yobisa mauthenga ya PGP mu 1991, inafalikira kunja kudzera pa intaneti. Boma linamufufuza kwa zaka zitatu, n'kusiya nkhaniyo mu 1996 osamuimba mlandu.

Omwe anavutika kwambiri ndi opanga mapulogalamu a open source, amene aliyense ali ndi ufulu wowakopera ndi kuwasintha. Kuika pulogalamu pa intaneti ku America kunkatengedwa ngati kuitumiza kunja. N'chifukwa chake gulu la Debian, lokonza mtundu wina wa Linux, linkasunga mapulogalamu a encryption pa kompyuta ya ku Netherlands, m'gawo lotchedwa non-US. Nalo gulu la OpenBSD linapindula pokhala ku Canada, komwe malamulo ankalola kutumiza kunja mapulogalamu aulere otere.

Mu Januwale 2000 America inafewetsa malamulo, ndipo mu 2002 Debian inabwezera encryption m'nkhokwe yake yaikulu. Ziletso zinatsalirabe kumayiko monga Cuba, Iran ndi North Korea.

Wamalonda wa mumsika wa Limbe kapena Tsoka nkhaniyi ikumukhudza m'thumba. Android, yoyendetsa mafoni ambiri, inamangidwa pa Linux. WhatsApp, yomwe ambiri amaodera katundu, imabisa mauthenga onse kuchokera mu 2016. Malamulo akale akadakhalapobe, mitengo ya oda ndi mayina a angongole zikadatetezedwa ndi loko wofooka.

Komabe loko sathandiza ngati kiyi wasiyidwa pakhomo. Foni yopanda PIN imatsegulidwa ndi aliyense woitola, choncho wamalonda aike PIN yosiyana ndi ya Mpamba kapena Airtel Money. Pogula foni ya kaunjika, aone ngati ikulandirabe ma update, chifukwa ndiwo amatseka mipata yomwe akuba atulukira. Ndipo wina akaimba n'kupempha PIN kapena nambala yachinsinsi yobwera pa meseji, angodula foniyo. Encryption siteteza munthu wopereka yekha kiyi.