Kusaka kachilombo ka chiwindi m'dontho la magazi

Munthu akhoza kukhala ndi kachilombo ka hepatitis B zaka zambiri, akulima ndi kukolola bwinobwino, osamva kupweteka paliponse. Koma m'katimo chiwindi chimakhala chikuwonongeka. Maso akamachita chikasu, mimba n'kutupa, kawirikawiri matenda amakhala atafika patali. Kachilomboka mwana amatengera kwa mayi ake pobadwa. Ena amakatenga pogonana, ena pobwerekana lezala lometera kapena lotemera mphini.

Kuyeza kulipo kale. Amabaya chala, n'kudontheza magazi pa kachipangizo, mzere n'kutuluka. Koma kudziwa kuchuluka kwa tizilombo m'thupi kumafuna makina odula oyendera magetsi. Kwa munthu wa ku Chiwamba, pamenepo ndiye kuti magazi ake kapena iye mwini ayende ulendo. Ambiri amagwa ulesi chifukwa cha ndalama yoyendera.

N'chifukwa chake njira ya CRISPR ikupatsa chiyembekezo. Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo a chibadwa chake otchedwa DNA, ndipo kachilomboka kali ndi akeake. Mu 2012 amayi awiri asayansi, Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier, anasonyeza momwe DNA ingadulidwire ndi njira ya CRISPR pamalo enieni amene munthu wasankha. Pofika 2017 ndi 2018, ofufuza ku America anaona kuti luso lomweli lingayezenso matenda.

Taganizani za galu wa uzimba amene mwamununkhiza fungo la nyama imodzi yokha. Woyeza amayamba wachulukitsa DNA ya m'dontho la magazi poifunditsa pang'ono. Kenako amathiramo puloteni yotchedwa Cas12, imene yapatsidwa kachidutswa kolondolera kachilombo ka hepatitis B. Ikapanda kukapeza, imangokhala phee. Ikakapeza imayamba kudula, ndipo imadulanso tizizindikiro timene woyeza anaikamo dala. Kumeneko ndiye kuuwa kwa galu uja: tizizindikiro todukato timatulutsa mzere pa kapepala. Dziko la India linavomereza kapepala kodalira CRISPR mu 2020 koyezera COVID-19. Ka hepatitis B kadakali m'manja mwa ofufuza, sikanafike m'zipatala zathu.

Tisakhale pansi kudikira. Kuyambira 2002 ana m'Malawi amalandira katemera wa matendawa kusikelo, akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Ambiri a ife akuluakulu tinabadwa chakacho chisanafike, ndiye sitinabayidwe. Mankhwala a tenofovir amafooketsa kachilomboka ndi kuteteza chiwindi. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu komwe mungakayezetse, makamaka inu amayi oyembekezera.