Phunziro la mwezi uno: Fupa sililumikizana ndi phuma

Anzanga a m'makalabu, ine ndine mnyamata wa ku Nkhulambe kuno ku Phalombe. Anganga anga ankakonda kutisimbira za Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Ife tinkangomva ngati nthano. Koma mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, tinadzionera tokha. Khoma la nyumba yathu linandigwera ndikutulutsa mbuzi, ndipo fupa la ntchafu yakumanzere linathyoka. Misewu inali itaduka, moti achimwene ndi anzawo anandinyamula pa chitseko mtunda wautali ndithu.

Kuchipatala anandiboola kachitsulo m'munsi mwa bondo n'kumangirirapo chingwe ndi zolemera, kuti mwendo uzikokeka, mafupa akhale mowongoka. Ndinagona chagada masabata asanu ndi atatu. Kusamba, kudya, ngakhale kudzithandiza, zonse pabedi pomwepo. Mayi ndiwo ankandidikirira, akugona pansi. Ululu ndinkaupirira, koma manyazi ndi kusowa chochita, aaa, zimenezo n'zimene zinkandiliza usiku. Aliyense wobwera kudzazonda ankati, “Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Kunena zoona mwambi umenewu ndinafika podana nawo. Wonenayo ankatuluka n'kumapita pa miyendo yake iwiri.

Chimene chinandithandiza n'chakuti tsiku lina adokotala a mafupa anakhala pansi n'kundifotokozera zimene zikuchitika m'kati mwa mwendo. Fupa likathyoka, magazi amayamba aundana pamalopo. Pakatha masabata awiri kapena atatu pamamera kamnofu kofewa kolumikiza mbali ziwirizo. Kenaka kamnofuko kamayamba kuuma n'kusanduka fupa, ndipo kwa munthu wamkulu fupa la ntchafu limafuna miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti ligwirane bwino. Vuto ndi ili: ululu umatha msanga, fupa lisanalimbe. Munthu umadzimva ngati wachira pamene m'katimo mukadali phala.

Ndinamva, koma sindinasunge. Nditatuluka anandipatsa ndodo zoyendera n'kundiuza kuti ndisapondetse mwendowo kufikira atandijambulanso. Kumudzi zinthu zinali zovuta, mbewu zonse zitapita ndi madzi, ndipo njinga yanga ya kabaza inkangokhala kwa amalume. Anzanga akupha makwacha, ine ndili pa mkeka. Tsiku lina mayi atapita kuchigayo ndinati ndiyeseko pang'ono chabe. Sindinafike ngakhale pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba. Atandijambula anapeza kuti polumikizira paja pang'aluka, ndipo anandionjezera masabata ena asanu ndi limodzi osaponda. Mayi sanandikalipire. Anangoti, “Mwanawe, ndalama ya ulendo uno ndagulitsa nkhuku zomaliza.” Mawu amenewo anandipweteka kuposa mwendo.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwerenga masiku otsala, ndinayamba kuwerenga zimene ndakwanitsa. Ndinatenga kope lakale la kusukulu n'kumalemba: lero ndapinda bondo kakhumi, lero ndafika pachitsime ndi ndodo. Mafizo amene anandiphunzitsa ndinkachita m'mawa ndi madzulo, chifukwa mwendo wokhalitsa osagwira ntchito umaonda ndipo bondo limauma. Fodya amene ndinkasuta mobisa ndinamusiya nditamva kuti amachedwetsa fupa kulumikizana. Pa zakudya sitinasowe zodula ayi: matemba kapena usipa wodyera limodzi ndi minga yake, nandolo, masamba otendera, ndi dzira likapezeka. Ena ankandiuza kuti ndikatemere mphini kuti zifulumire. Ndinakana, poti bala la kachitsulo kaja linali litangopola kumene ndipo sindinafune lina.

Kudekha sikutanthauza kungokhala chete chilichonse chikachitika. Bala likayamba kutuluka mafinya, thupi likatentha, katumba akatupa n'kumapweteka, kapena zala zikachita dzanzi m'kati mwa chikhakha, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Anzanga a m'kalabu yathu anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anasamutsa msonkhano wa Lachitatu kuti uzichitikira pakhonde pathu, n'kundipatsa ntchito yolemba zokambirana. Analibe ndalama zoti andipatse, koma tsiku limenelo ndinkasamba molawirira.

Tsono mukakumana sabata ino, kambiranani izi: kodi m'mudzi mwanu muli mnyamata kapena mtsikana amene ali gone chifukwa chovulala? Munapitako liti komaliza? Nanga pa ntchito za kalabu, ndi iti imene angathe kugwira atakhala pansi?

Ine njinga ndinayambiranso kupalasa patatha chaka chathunthu. Mwendo wakumanzerewu ndi wofupikirapo pang'ono, ndipo kukazizira umandikumbutsa. Pa chitunda ndimatsika n'kumakankha, wokwerayo akadandaula ndimangomuonetsa chipsera.