Mau Akuti "Ngati"

Ku Dzaleka, m'dziko la Dowa, kuli mudzi waukuru wa anthu othawa nkhondo. Kale pamalopo panali ndende, koma kuyambira caka ca 1994 pakhala alendo ocokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Mmodzi wa iwo, Remy Gakwaya wa ku Burundi, anayambitsa sukulu yochedwa TakenoLAB, kuti anyamata ndi atsikana aphunzire kulamulira makina ochedwa kompyuta.

Kompyuta iribe nzeru za iyo yokha. Icita cokhaco cimene munthu anailembera, mzere ndi mzere, ndipo malamulo olembedwawo achedwa pulogalamu. Pulogalamu ifanana ndi njira ya mphambano zambiri. Pa mphambano iri yonse makina afunsa funso limodzi, loyankhidwa ndi "inde" kapena "iai", ndipo yankholo lisankha njira yotsata.

Mlimi wa ku mapiri a Nchisi acita cimodzimodzi. Ngati mvula yalowa pansi, abzala cimanga. Ngati siinalowe, asunga mbeu zace. M'cinenero ca makina cochedwa Python, mau a pamphambano ndiwo if, ndiko kunena "ngati", ndi else, ndiko kunena "zikapanda kutero".

Tsono mau amenewa afunika kuwalemba mosamala. Mphunzitsi wina afuna kuti mwana ali yense wopeza malikisi 50 pa mayeso akhoze. Wolemba pulogalamu alemba kuti: "Ngati malikisi aposa 50, mwana wakhoza; zikapanda kutero, walephera." Nanga mwana wopeza 50 yeniyeni adzatani? Makina adzamlemba kuti walephera, pakuti 50 saposa 50. Munthu akadazindikira cimene mphunzitsi anafuna, koma makina sadziwa za mumtima. Mwanayo adzabwereza kalasi caka cathunthu wosalakwa kanthu.

Lamulo loyenera ndi ili: "Ngati malikisi ali 50 kapena kuposa, mwana wakhoza." Cifukwa cace wolemba wanzeru ayesa pulogalamu yace ndi 49, ndi 50, ndi 51, asanaipereke kwa anthu, pakuti colakwa cikonda kubisala m'malire.

Mafunso

1. Kodi kompyuta isankha bwanji njira pa mphambano?
2. Cifukwa ninji mwana wopeza 50 analembedwa wolephera?
3. Lembani lamulo la "ngati" lonena za kukolola mtedza.